Sikelo Yonunkha Nsomba

Ndikakumbukira agogo a Sakala, chimene chimayamba kufika si nkhope yawo ayi, koma fungo la nsomba zothira mchere zimene zinkasungunuka pa dzuwa pamwamba pa nyumba yathu ya ku Naif, dera lakale la ku Dubai, fungo limene linkatsika masitepe masana, n'kulowa pansi pa chitseko, n'kukakamira pa yunifolomu yanga ya sukulu mpaka anzanga m'basi ankasuntha. Nyumba ija inali yakale, ya makoma achikasu onyowa ndi madzi odontha kuchokera ku makina oziziritsira m'zipinda, ndipo m'kanjira ka pansi pake ngolo za katundu zinkalira tsiku lonse, anyamata ozikankha akukuwa m'Chiarabu kuti yalla yalla, tiyeni tiyeni, utsi wa nyama yootcha ukukwera kudzakumana ndi fungo la agogo pa khonde lathu. Pamwamba pake, pakati pa matanki a madzi ndi zingwe zoyanikira, panali ndowa zawo za buluu zomanga pakamwa ndi nsalu yopyapyala. Mlonda wa nyumba anadandaula mpaka anatopa, n'kungozolowera.

Sanali agogo anga enieni. Anali a ku Chipata, ku Zambia, ophika pa hotela ina yaikulu, ndipo chipinda chawo chinali chogundana ndi chathu, chotchinga pakati ndi thabwa lopyapyala moti akayetsemula ife tinkati pepani. Ine ndi amayi tinafika ku Dubai ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo atamwalira, amayi atapeza ntchito pa ofesi yotumiza katundu wa amalonda a kwathu. Tsiku limene anamva amayi akundikalipira m'Chichewa pa masitepe, anatsegula chitseko, mimba patsogolo eniake pambuyo, n'kunena kuti, "Manje nyumba ino yakhala mudzi." Kuyambira tsiku limenelo anali agogo basi, ndipo palibe anafunsanso za mtundu.

Munthu uja anali ndi matenda awiri, shuga ndi Aroma. Shuga ankabayira jakisoni pamimba asanadye. Aroma analibe mankhwala. Anawatenga ali mnyamata pa mishoni ina kwawo, kumene anaphunzira kuphika kwa wansembe wa ku Italiya amene ankakonda nkhani za makolo ake, Aroma akale, kuposa ulaliki. Wansembe uja ndi amene anawaphunzitsa msuzi wa m'ndowa uja, wotchedwa garumu, woti umatenga tinsomba tonga usipa, osatumbula, n'kutisanjikiza ndi mchere wambiri, n'kusiya dzuwa ligwire ntchito miyezi yathunthu mpaka patuluke madzi ofiirira. Agogo ankati dzuwa la ku Dubai Mulungu analilengera ntchito imeneyi, zinazi n'zongowonjezera.

Sukanadya nawo pafupi osamva za Aroma. Ukangotsegula paketi ya tchipisi, iwo ayamba.

"Mroma m'mawa ankadya kabuledi koviika m'mafuta, mwina katchizi, basi wanyamuka, wapansi. Masana kotsala ka dzulo, ali chiimire. Chakudya chenicheni chinali chamadzulo, dzuwa lisanalowe, ndipo sankadya yekha. Shuga analibe, anali ndi uchi chabe. Tomato analibe, mbatata analibe, chimanga analibe."

"Ndiye anali anthu ovutika, bambo," amayi ankayankha akupitiriza kukazinga. "Munthu wopanda chimanga mukumutama chiyani?"

"Ankadya phala la tirigu, amake Tadala. Mphodza, nyemba, kabichi. Nyama ya pa chikondwerero."

Tsiku lina ndinawafunsa ngati ku Roma kunalibe anthu onenepa. Anati analiko, olemera ogona chogona m'maphwando, onyamulidwa pa machira ndi akapolo, mapazi otupa ngati mabuma a dothi. Ndinayang'ana mimba yawo, ndinayang'ana tiyi wawo wa karaki wotsekemera ngati manyuchi, ndi keke yotsala ku hotela imene inali pa bondo pawo, n'kufunsa kuti nanga iwowo anali Mroma uti.

"Ine ndine Mroma wolemera," anatero, n'kuluma keke. Ankadziwa malamulo onse a kadyedwe kabwino, ndipo sankasunga ngakhale limodzi.

Amayi anga anali ndi lamulo lawo, ndipo iwo ankalisunga. Bambo anga anamwalira ataonda mpaka wotchi yawo inkakwera kufika pa chigongono akakweza dzanja. Amayi ndi amene ankawadwazika, ndipo m'miyezi imeneyo anatenga chizolowezi chogwira munthu pamkono, pamene pamakhala wotchi, n'kuzunguliza chala chachikulu ndi chapakati kuona ngati zikukumana. Kwa bambo zala zinkakumana n'kupitirira. Kuyambira pamenepo kuonda kwa amayi kunali imfa, kunenepa kunali moyo, pakati panalibe kanthu. Ndiye tangoganizani mayi wotereyu atafika m'dziko limene nkhuku yokazinga ili pa ngodya iliyonse ndipo zakumwa zoziziritsa amakubweretsera pakhomo ukangoimba foni ku bakala, kasitolo ka pansi pa nyumba. Anandidyetsa ndi mtima wawo wonse. Kunja kunkatentha moti mwana sakanasewera, ku sukulu ndinkapita pa basi, pobwera n'kukhala pa TV ndi mbale pamiyendo. Ndinanenepa ndithu, ndipo usiku uliwonse pogona amayi ankandigwira pamkono, zala osakumana, n'kugona mtima uli m'malo.

Masiku amenewo tinkapemphera Lachisanu, chifukwa ndilo linali tsiku lopuma. Amayi a kwathu ogwira ntchito m'nyumba za ku Al Warqa ankabwera atatchena, atapatsidwa maola ochepa ndi mabwana awo, ndipo akandiona ankanditsina masaya n'kumati, "Wanenepatu mwana iwe, Dubai yakuyanja." Ankanena ndi chikondi chenicheni, ena a iwo atasiya ana awo kumudzi osadziwa ngati adya. Amayi ankamwetulira mpaka mano a m'mbali, n'kundijambula chithunzi chotumiza kwa azakhali ku Ntcheu.

Nditakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, mphunzitsi wa masewera anabweretsa sikelo m'bwalo la sukulu n'kutiimika pamzere. Aliyense akakwera, iye ankatchula nambala mokweza kuti mnzake alembe. Yanga atatchula, mtsikana wina kumbuyo anaseka kamodzi kokha, kaphokoso kakang'ono ka m'mphuno, ndipo pofika nthawi yopuma dzina langa linali litasanduka Tanki. Sindinalire. Ndinapita kunyumba, ndinadziyang'ana pagalasi la ku bafa nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu a amayi a ku mapemphero aja ndinawamva ngati chipongwe. Loweruka lotsatira ndinakagula sikelo yangayanga ku sitolo ya zinthu zotchipa n'kuibisa pansi pa bedi.

Kusiya kudya kunali kosavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Amayi ankatuluka m'mamawa n'kubwera kutada, chakudya changa atachisiya m'mbale yovindikira. Ine ndinkachitsitsira kuseri kwa bakala, kumene kunali amphaka owonda a mumsewu, n'kubwerera ndi mbale yoyera. Lachisanu ndinkati m'mimba mukupota. Sikelo ndinkaikwera podzuka, pobwera ku sukulu ndi pogona, ndipo muvi wake ukabwerera m'mbuyo pang'ono ndinkasangalala kuposa tsiku lolandira mayeso. Kenako zinayamba zina. Ndinkamva kuzizira pakati pa Dubai, tsitsi linkatsalira pa chipeso, siketi ndinkaigwira ndi pini, ndipo ndikakwera masitepe m'maso munkachita mdima mpaka ndikhale pansi. Zonsezi ndinkaziona ngati umboni woti zikuyenda.

Amayi anaona, koma anaona zina. Usiku wina zala zawo zinakumana pamkono panga, ndipo ndinamva dzanja lawo likuuma. Anayamba kundigwira m'khosi kufufuza zotupa, kundiuza nditulutse lilime, kudzuka kumvetsera ngati ndikutsokomola. Ndili wamng'ono ndinadwalapo malungo aakulu kumudzi n'kuikidwa magazi, ndipo m'mutu mwawo nkhani inali yatha, matenda amene anatenga bambo anali atandipeza kudzera m'magazi aja. Ku chipatala ankaopa kunditengera, poti aliyense ankadziwa kuti mlendo akapezeka ndi matenda amenewo kuno amamukweza ndege. Ndiye anachita chimene ankadziwa. Anawonjezera mafuta m'poto, anawonjezera nkhuku, anawonjezera mapemphero, ndipo amphaka a kuseri kwa bakala anayamba kuwala ubweya.

Madzulo ena ndinamva amayi pa masitepe akulankhula ndi agogo monong'ona. "Akuonda ngati bambo ake, a Sakala. Ndendende ngati bambo ake." Ndikanama nditati ndinamva chisoni. Ndinangomva mawu amodzi okha, akuonda, ndipo ndinakalowa m'chipinda ndikumwetulira. Matenda amenewa ndi oipa chonchi.

Agogo anali ophika, ndipo wophika amayang'ana mbale zobwerera. Lachisanu lina m'mawa, amayi atatsogola ku mapemphero kukakonza mipando, anagogoda.

"Tadala, nibwerekeko sikelo yako."

"Sikelo iti, agogo?"

"Ija imalira kwii pansi pa bedi m'mawa uliwonse. Thabwa ili silisunga chinsinsi, mwana wanga. Bwera nayo, yalla, tipite ku nsomba."

Munthu wamkulu sumukaniza. Tinapita ku msika wa nsomba wapansi, iwo akupuma mwaphuma ngati basi yokwera phiri, ine ndikuona nyenyezi masana, aliyense akunamizira kuti ali bwino. Anagula tinsomba todzaza thumba ndi mchere wa miyala. Titakwera pamwamba pa nyumba anaika sikelo yanga pansi, yoyera bwino ija, ya maluwa apinki m'mbali, n'kukhuthulirapo nsomba mwachindunji, popanda pepala, popanda mbale. Madzi a nsomba ndi magazi zinalowa m'galasi la manambala, zinalowa m'mphako zonse. Anachotsa nsomba n'kuthirapo mchere, akuwerama ngati akuwerenga mosamala, pamene zaka zonsezo ankapima ndi manja.

"Aroma anali nayo sikelo," anatero osandiyang'ana. "Inali ya tirigu ndi nsomba pa msika. Munthu sankakwerapo. Munthu si katundu wogulitsa."

Ndinaitsuka ndi sopo, ndinaitsuka ndi mankhwala a ku chimbudzi, koma ayi ndithu, fungo linali litalowa m'kati mwenimweni. Pansi pa bedi sikanabwererako, amayi akanainunkhiza ali pa masitepe. Inatsala pamwamba pa nyumba pafupi ndi ndowa. Ndinakwiya koopsa, moti ndikakumana ndi agogo ndinkangoyang'ana khoma, iwo n'kumapereka moni kwa khomalo, kulifunsa ngati ladzuka bwino. Koma ndisakunamizeni kuti nkhani inathera pamenepo. Sikelo inapita, ine sindinayambe kudya. Ndinkangoyeza ndi pini ya siketi.

Inafika nyengo yozizira, mwezi wa Januwale, pamene ku Dubai kumawomba kamphepo kochokera ku nyanja ndipo munthu atha kukhala padenga osapsa. Lachisanu lina titabwera ku mapemphero, agogo anatiitana ine ndi amayi kuti tikadye chakudya cha Aroma. Anali atayala mkeka kuseri kwa tanki, ataika mapilo a pa bedi pawo, ndipo analamula kuti aliyense agone chammbali atatsamira chigongono chakumanzere, poti Aroma ankadya chotero.

"Ine mayi wamkulu ndigone pamaso pa bambo?" amayi anatero. "Aroma anuwo analibe mwambo." Anakhala mwaulemu atatambasula miyendo, chitenje atakokera mpaka ku akakolo.

Pamkeka panali khubuzi, buledi wopyapyala wa m'ng'anjo, akadali wotentha m'pepala lake, mbale ya mphodza zophika ndi anyezi, kabichi wofwafwaza, kambale ka mafuta a maolivi, zipatso zotsekemera za kanjedza zotchedwa tende, ndi kabotolo ka uchi. Panalibe chokazinga ngakhale chimodzi, ndipo ndinaona amayi akuyang'ana uku ndi uku kufuna ndiwo zenizeni. Agogo anatsegula botolo la garumu wa chaka chatha n'kudonthezera pang'ono m'mphodza. Kenako anakweza malaya, anatsina mimba, n'kudzibaya jakisoni wawo monga mwa masiku onse.

Tonse tinkadziwa lamulo la jakisoni ameneyo. Akabaya ayenera kudya posachedwa, apo ayi shuga amatsika mpaka munthu kukomoka. Tinali titaziwonapo kamodzi, atachedwa kudya n'kugwa pa masitepe, mlonda akuwamwetsa chakumwa chotsekemera ndi supuni.

Amayi anapemphera. Titati ameni, agogo anapinda manja pamimba.

"Mroma sadya yekha," anatero. "Tadala akayamba, naine nizayamba."

"Ine ndakhuta, agogo. Ndadya ku mapemphero."

"Chabwino. Tizayembekeza njala ikugwire."

Anayamba kukamba za Aroma ngati palibe chilichonse, za asilikali amene ankayenda mitunda atasenza tirigu wawo n'kumapera okha pofika, za nyumba zosambiramo, za ophika buledi a m'misewu. Ine ndinkayang'ana nkhunda pa tanki. Buledi anazizira. Ku mzikiti wapafupi kunamveka kuitana kwa pemphero la masana, wina wakutali n'kuyankha, ndipo pamene mawu aja ankatha ndinaona thukuta likutuluka pachipumi pawo, mphepo ili kuwomba. Nkhani ya asilikali anaibwereza kawiri, mawu akulemera ngati a munthu woledzera.

"Bambo, idyani," amayi anatero atatenga tende. "Mukufuna mutifere pano?"

Agogo anatseka pakamwa ngati mwana wokana mankhwala, n'kupotoza mutu.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinaiwala ulemu wonse. Ndinawauza kuti ndi nkhalamba yopusa, kuti si agogo anga, kuti akafa ndi zawo, kuti asiye kundizunza. Ndinkalankhula ndikulira, ndikuona milomo yawo ikuyera. Anandiyang'ana ndi maso ofiira aja, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti mawu asawathawe.

"Iwe uchita izi tsiku lililonse, ine nikupenya. Manje naiwe upenyeko." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Amake Tadala, mwana uyu alibe matenda a atate ake. Sakudya chabe. Mukafunse amphaka a kuseri kwa bakala, nkhuku yanu aidziwa bwino."

Sindikumbukira kuganiza chilichonse. Ndimangokumbukira dzanja langa likung'amba khubuzi, likuviika m'mphodza, ndi chakudya chija chikulowa m'kamwa pamodzi ndi misozi. Ndinkayembekeza kukoma kwa chinthu chowola, koma kunali kukoma kwa mchere wozama, konga kwa msuzi wa usipa wophika bwino umene watsala pansi pa poto, ndipo m'mimba mwanga munadzuka njala imene ndinali nditaiponda miyezi yonseyo, mpaka ndinachita mantha nayo. Ndinameza, n'kutsegula pakamwa kuwaonetsa kuti ndameza.

"Khalasi," agogo anatero, kutanthauza kuti zatha, n'kutsegula pakamwa pawo. Amayi anawathira uchi ndi supuni, kenako tende, kenako uchi wina, akuwakalipira kosalekeza, dzanja lina akuwapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Patapita kanthawi nkhope yawo inabwerera, ndipo chinthu choyamba chimene ananena chinali chakuti mphodza zachepa mchere.

Amayi sanaseke. Anandigwira pamkono, zala zikukumana, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye si magazi aja?" Ndinapukusa mutu. Anaweramira pa mkono wanga uja n'kulira, kulira kumene sindinakuonepo ngakhale pa maliro a bambo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti kunali kwa chisangalalo kapena kwa chisoni. Ndikhulupirira kunali zonse. Miyezi yonseyo anali akundilira ndili moyo, okha, osauza munthu kupatula nkhalamba ya kuseri kwa thabwa.

Zimene anachita agogo tsiku lija zinali zopusa, ndipo ndimanena poyera. Akanatha kufa pamkeka paja, ine n'kusenza zimenezo moyo wanga wonse. Dokotala wawo atamva anawazazira ngati mwana wa sukulu. Ndikaganiza za tsikulo ndimawakwiyirabe, ndipo ndimawakonda kwambiri, ziwirizi zimakhalira limodzi mumtima mwanga popanda kukangana. Komanso chakudya chimodzi sichinandichiritse ayi. Chimene chinasintha n'chakuti amayi analeka kuopa chipatala. Sabata yotsatira ananditengerako, magazi anapezeka opanda matenda aja koma ochepa, ndipo ndinayamba kuonana ndi mayi wina wodziwa za ana okana kudya. Zinatenga nthawi yaitali, ndi masiku ena obwerera m'mbuyo.

M'masiku amenewo agogo anakhazikitsa lamulo loti m'nyumba ziwiri zija palibe wodya yekha. Akakhala pa ntchito ya m'mawa ankandidikira pobwera ku sukulu, mbale ili pakati, iwo mbali iyi ine mbali iyo, osandikakamiza, osawerenga zimene ndatapa. Dzuwa likapepa tinkayenda wapansi mpaka ku mtsinje wa mabwato n'kubwerera, iwo akuloza anthu odya ali m'galimoto n'kumati, "Penya, ali pa machira." Amayi anachepetsa mafuta, ngakhale ankati chakudya cha Aroma n'cha odwala, ndipo mphodza anaphunzira kuphika koma garumu anakana kumulowetsa m'khitchini mwawo. Pang'ono ndi pang'ono pini ya siketi inachoka. Sindinabwerere ku thupi la kale lija, komanso zala za amayi zinaleka kukumana.

Ine agogo anandichiritsa, koma keke ya ku hotela sanaisiye. Ndinkawapeza nayo kuseri kwa tanki, akudya mobisa ngati mmene ine ndinkatayira chakudya mobisa, ndipo ndikawakalipira ankati Mroma wolemera safa ndi njala. Ndili pafupi kumaliza sukulu, chilonda chinatuluka pa chala cha phazi n'kukana kupola. Kuima tsiku lonse m'khitchini kunakanika, ntchito inatha, ndipo kuno ntchito ikatha chilolezo chokhalira chimatha nayo. M'masabata omaliza asanakwere ndege ya kwawo anaonda modabwitsa. Mimba ija inaphwa, malaya akulendewera, chakudya osachifuna n'komwe. Amayi akawaona ankathawitsa maso. Agogo ankaseka n'kumati tsopano akhala Mroma weniweni.

Tsiku loti mawa anyamuka ndinaphika mphodza, ndinagula khubuzi wotentha, n'kukalowa m'chipinda chawo chimene chinali chitatsala ndi matiresi ndi masutikesi okha. Anati sakumva njala. Ndinaika mbale pansi, ndinagona chammbali n'kutsamira chigongono chakumanzere, n'kupinda manja.

"Mroma sadya yekha, agogo. Mukayamba, nanenso ndiyamba."

"Iwe ulibe jakisoni," anatero.

"Ndilibe. Koma mukundidziwa, ndimatha kudikira."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako maso anadzaza misozi, n'kutambasula dzanja kung'amba buledi. Anadya pang'ono chabe, koma anadya, ndipo anati mchere ndaika bwino. Anandisiyira ndowa imodzi ndi sikelo ija, imene pa nthawiyi inali itachita dzimbiri, maluwa apinki atafufutika. Anamwalira kwawo ku Chipata chaka chotsatira, ali pakati pa ana awo, ndipo mwana wawo wamkazi anatiuza pa foni kuti mpaka kumapeto ankavutitsa anamwino ndi nkhani za Aroma.

Lero ndimaphika pa lesitilanti ina ku Downtown, pafupi ndi nyumba zazitali zija. Makasitomala amabwera ndi malamulo awo a kadyedwe, uyu sadya buledi, uyu sadya dzuwa lisanapendeke, uyu amajambula mbale ndi foni kuti imuuze ngati adye. Mwezi watha wina anafunsa ngati tili ndi chakudya chonga cha Aroma akale, poti anamva kuti iwo sankanenepa. Ndinangomwetulira n'kumuphikira mphodza. Sindiwaseka anthu amenewa, ndikudziwa kumene mantha awo amachokera. Koma pa nthawi yopuma ndikaona mtsikana wa ku ntchito akukankhira mbale kumbali n'kumati wakhuta, ndimatenga yanga n'kukakhala naye pafupi, osanena zambiri. Sikelo ili pa khonde la nyumba imene ndimakhala, pafupi ndi ndowa, ndipo chaka chilichonse dzuwa likayamba kuwawa ndimapimirapo nsomba ndi mchere. Anansi anga amadandaula, adzazolowera.

Amayi akadali ku Naif, m'nyumba yomwe ija, tsitsi layera. Ndimapitako tsiku langa lopuma. Ndikagogoda amatsegula, koma sayamba ndi moni ayi. Amanditenga dzanja ngati akufuna kulandira chikwama, n'kuzunguliza zala zawo pamkono panga mwakachetechete, akuganiza kuti sindikudziwa. Ine ndimangoima n'kuwasiya ayeze. Zala zikalephera kukumana amapuma mpweya wautali, n'kundiyang'ana kumaso.

"Wafika, Tadala? Lowa, chakudya chapsa, ndimadikira iwe."